Makina owazira nkhuni anatsala pang'ono kundidya chala

Abale inu, makina owazira nkhuni aja musamawaone kuyenda mwaulesi n'kumati ndi ofatsa. Ine ndinabwereka kwa alamu anga makina amagetsi, pambali analembapo matani 7, ndiye kuti chitsulo cha makinawo chimakankhira chipika pa nkhwangwa yake ndi mphamvu yonseyo, chala cha munthu kwa icho ndi kaudzu chabe.

Alamu anandiuza kuti makinawa amafuna manja onse awiri, lina pa batani lina pa chogwirira, anawapanga dala choncho kuti dzanja lisapezeke pomwe chipika chikusweka. Ine ndinangoti eya eya alamu, atangotembenuka ndinamanga batani lija ndi mphira, dzanja limodzi lizigwira ntchito zina, nanga si anzeru tilipo.

Zipika zowongoka zinkangoti phwaa phwaa ine likhweru lili pakamwa. Kenako kunabwera chipika cha mfundo, chodulidwanso mopendama, makina anabuula, chinang'ambika theka n'kukakamira pomwepo. Ndinapisa zala mu mng'alu kuti ndichikanule uku ndikubweza chitsulo m'mbuyo, osadziwa kuti chotsegula mng'aluwo ndi nkhwangwa yomweyo, chipika chitangotsetsereka pang'ono mng'alu unatseka kuti khapa! Ndinasolola dzanja ndi mfuu yoti sindinadziwe kuti ndili nayo, gulovu n'kutsalira momwemo.

Mayi a kunyumba anatuluka chothamanga, kuona gulovu ili lende pa chipika, mayooo bambo a mwana zala zapita! Sanandiyang'ane n'komwe ine mwini zala, anathamangira m'nyumba kukatenga pepala la pulasitiki ati tiikemo zalazo madokotala akasoke. Ine apo ndikuwerenga, zonse zilipo, chikhadabo chokha chada bii chikugunda.

Mkwiyo utandigwira ndinachimenya chipika chija theche, chinagubuduka pa makina n'kugwera phazi linalo, ndipo ndinali mu masilipasi, nsapato zolimba zimene alamu ananena zili phee pakhonde.

Madzulo alamu anabwera, anayang'ana mphira pa batani, anayang'ana ine ndikutsimphina, sanandiyankhule. Ananyamula makina awo n'kufunsa mlongo wawo, achemwali nkhwangwa yamanja ija ikadalipo? Muwapatse awa akandichotsere gulovu yanga.