Kujambula Chambe dzuwa likamalowa

Thanthwe la Chambe pa phiri la Mulanje linayang'ana kumadzulo, ndiye dzuwa likapendeka limafiira ngati makala a moto. Fikani cha ku Likhubula, m'munsi mwa phirili, 4 koloko isanakwane, dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Kufiirako sikukhalitsa, kuno mdima umagwa msanga.

Ikani kamera pa tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu), ndipo muitchere pa ISO 100 (mphamvu yake yomvera kuwala) ndi f/8 (kukula kwa chiboo cholowera kuwala). Exposure (kuchuluka kwa kuwala m'chithunzi) muitsitse pa -1, apo ayi kamera imanyengedwa ndi mthunzi wa m'munsi, thanthwe n'kutuluka loyezuka. Pa foni, dinani pathanthwepo kenako chepetsani kuwala.

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala utsi wa moto wolusa umakuta phiri, chithunzi n'kungoti mbuu. Zimawawa, poti moto womwewo ukuwononganso mikungudza pamwambapo. Epulo ndi Meyi ndiye miyezi yabwino, mvula itatsuka mpweya.