Karapau wa Loweruka uja

Loweruka ndinalowa mumsika kukasaka ndiwo, chambo nditamva mtengo wake ndinangoseka nkudutsa, nde ndinakathera kwa amayi ena ogulitsa karapau. Akundikulungira mu jumbo ndinaona katoni yonyowa ili pansi pa benchi, atalembapo Walvis Bay, Namibia. Ine zaka zonsezi ndimkayesa karapau ngwa ku Mozambique poti dzinalo nla Chipwitikizi, kani nsombayi yachoka ku Atlantic pa thiraki ya firiji mpaka kudzagwera mupoto wanga.

Kumeneko kuli madzi ozizira otchedwa Benguela Current, amayenda kuchokera ku South Africa kudutsa Namibia mpaka Angola, mphepo ikamawomba imatukula madzi apansi odzaza ndi chakudya nde nsomba zimangoswana. Koma nsombazo sizidziwa kuti apa mpamalire, wina akakokolola mbali yake mnzake mawa maukonde atuluka opanda kanthu. Nchifukwa chake mu 2013 maiko atatuwa anasainirana pangano mumzinda wa Benguela ku Angola kuti madziwo aziwayang'anira limodzi, za nsomba, za migodi ya dayamondi yapansi pa nyanja, za mafuta, zonse azikambirana, ofesi yake ili ku Swakopmund ku Namibia.

A Namibia anaphunzirira pa bala. Pilchards, zija zam'chitini zothira tomato, zinali mbweee, sitima zinakokolola asanalandire ufulu mu 1990 ndipo sizinabwererenso mwakale, moti mu 2018 boma linatsekeratu kupha nsombazi. Karapau nde watsala wodalirika. Ndipo musaganize kuti kusaina mapepala kumathetsa dyera ayi, mu 2019 nduna ziwiri, Bernhard Esau wa za nsomba ndi Sacky Shanghala wa za chilungamo, zinatula pansi udindo pa nkhani yotchedwa Fishrot, yoti panayenda ziphuphu kuti kampani ya ku Iceland ipeze zilolezo zopha karapau yemweyu. Eti ndiwo yanga ya Loweruka inagwetsapo nduna.

Komabe bola iwowo ali ndi pokhalira pansi nkuyang'anizana. Ife nyanja yathuyi timagawana ndi Tanzania komanso Mozambique, dzina lenilenilo sitigwirizana, kuno Malawi, uko Nyasa, uko Niassa, ndipo ndi a Tanzania nkhani ya malire idakali pomwepo. Kuno nyanja ikatsekedwa mu November kuti chambo chiswane, msodzi wa ku Makanjira ungamuuze chani ngati akuona kuti anzake a tsidya la malire lamulolo silikuwakhudza? Usipa nawonso umangoyenda osafunsa munthu.

Karapau uja ndinamukazinga, tomato awiri, anyezi ndi kambuzi pang'ono. Mwana wanga wamng'ono anatola mutu nkundifunsa ngati nsombayi ndi ya ku Mangochi kwa agogo ake, ndinangoti idya nsima ikuzizira.