Wogona pabalaza nayenso ndi mlendo

Ndimayang'anira nyumba ya alendo ya zipinda zitatu kufupi ndi Nkopola, mumsewu wochokera ku Mangochi Boma kupita ku Monkey Bay. Eni ake amakhala ku Blantyre, ndiye makiyi, zochapa ndi madandaulo onse zimafikira ine. Sabata ya Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, kunyanja kuno kumadzaza, ndipo chaka chino ntchito yonse inathera pa zogonera.

Banja lomwe linasungitsa malo linati likubwera anthu 6. Lolemba madzulo uthenga pa WhatsApp: "Achemwali, tawonjezera agogo, mwana wa mlamu wanga ndi mtsikana wolera ana. Akagona paliponse, musavutike." Ogonekedwa paliponse ndimawadziwa. Amakhala ana, antchito kapena dalaivala. Sadandaula, koma m'mawa umawapeza manja ali zidzolo zokhazokha za udzudzu, akuyenda atagwira msana. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa nawonso alowa pakhomo panga.

Lachiwiri tinakambirana pafoni ndi madamu eni nyumba. Iwo ankafuna atumize matiresi opopa aja, poti ngotsika mtengo ndipo ukawaphwetsa amalowa m'kachikwama. Ndinati, "Madamu, pepani, amenewo kuno satithandiza." Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 30, ndipo pulasitiki sapuma, munthu amadzuka ali chonyowa ndi thukuta ngakhale utayala shiti. Ambiri amafuna pampu yamagetsi, magetsi akazima basi. Kabowo kosaoneka n'komwe n'kokwanira kuti pofika pakati pausiku mlendo akhale ali pasimenti. Nanga agogo angadzuke bwanji pa chinthu chogwedezeka chotero? Anatchulanso mpando wotambasula uja umasanduka bedi. Ndi wokongola, koma nsikidzi zikalowa m'mapindiro ake kuzichotsa ndi nkhondo, ndipo sungaunyamule kukauyanika padzuwa. Tinagwirizana za matiresi atatu a siponji a mainchi 6. A mainchi 4 amaphwa msanga, munthu wamkulu amamva matabwa m'nthiti.

Lachitatu ndinali ku Boma. Kwa mmisiri wa matabwa ndinapeza timabedi totsika, topanda chotsamira kumutu, toti anthu awiri n'kunyamula kukaimika kusitolo alendo akapita. Matiresi oyala pasimenti amakoka chinyezi, ndipo nyerere ndi zinkhanira zimakwera mosavuta. Mashiti ndinakasankha pa kaunjika. Pamenepa m'pofunika dzanja, osati maso: a thonje amamveka ozizira ndipo ukawafinya amakwinyika, pomwe onyezimira aja amaterera n'kumamatira pathupi kukatentha. Ndimatenga oyera chifukwa sabisa litsiro, mlendo amadzionera yekha kuti achapidwa. Pa matiresi a mwana ndinaika pulasitiki pansi, shiti yokhuthala pamwamba.

Tsiku lomwe linandidyera nthawi ndi Lachinayi, la maneti. Alendo ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe amaganiza kuti poti mvula sinayambe udzudzu kulibe. Kuno m'mbali mwa nyanja ulipo chaka chonse, malungonso chimodzimodzi. Ine sindiwerengera malo ogona omwe alibe neti yake. Mnyamata wosamalira panja anakwera pamakwerero kukhoma mahuku kudenga la pabalaza, ine ndili pansi kuyeza kuti neti ifike bwino. Iyenera kutsala yokwanira kupisa pansi pa matiresi mbali zonse, komanso ikhale yotakata, chifukwa mwana akagona mkono utagunda neti udzudzu umaluma pomwepo. Maneti atsopano okhala ndi mankhwala ndinali nditawayanika kale pamthunzi tsiku lathunthu kuti asayabwe pakhungu. Padzuwa sitiyanika, mankhwala amatha mphamvu. Akale a m'zipinda ndinawatambasula moyang'anizana ndi windo. Kuwala kumaulula tibowo tonse, ndipo tiwiri tomwe ndinapeza ndinasoka pomwepo.

Mabulangete ndinawasiya m'kabati. Nthawi yake ndi Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba. Pakhonde ndinayala mikeka ya mlaza yopumirapo masana, wina woyera ndinaupinda padera poti alendo ena amafunsa popempherera.

Anafika Lachisanu dzuwa litapendeka. Ndinapempha mayi wa banjalo kuti agogo agone m'chipinda choyandikana ndi bafa, pabedi yaikulu, mnyamata wawo wamkulu apite pabalaza. Sanakane. Agogo anadinikiza matiresi ndi chibakera, n'kuti, "Apa ndiye pogona, mwanangu." Mtsikana wolera ana uja anali ataika kale kachikwama kake pakona ya kukhitchini, akuyala chitenje pansi. Ndinamugwira dzanja: "Iyayi achemwali, bedi yanu ili m'chipinda cha ana, neti yake ndi iyi." Anayang'ana kaye kwa abwana ake, iwo n'kugwedeza mutu.

Atanyamuka Lamulungu tinatulutsa matiresi onse padzuwa, ndikuyang'ana m'misoko ngati muli timadontho takuda ta nsikidzi. Munalibe. Madzulo ndinalembera madamu kuti pa intaneti tilembe zoona zake, kuti nyumbayi imagoneka anthu 9, aliyense ndi neti yake, ndipo opitirira apo tiziwakana. Ndawapemphanso kabedi ka khanda ndi mafani awiri otchaja, zifike Khirisimasi isanakwane.