Balansi ndi yankho chabe la masamu

Mtima wakhala pansi tsopano. Nkhani ya ledger (buku lolembamo ndalama zolowa ndi zotuluka), yomwe yakhala ikundizunguza mutu chiyambireni kuphunzira mapulogalamu a m'mabanki, yalowa, ndipo ndikufuna ndiilembe isanazizire. Za debit ndi credit sindifotokoza, anzanga amene tili pa njira imodziyi mukuzidziwa kale. Za SQL chimodzimodzi.

Chomwe chandilowa ndi ichi: balansi ya kasitomala si chinthu choti uzichisunga n'kumachisinthasintha. Choona chenicheni ndi mizere ya m'buku, ndalama iliyonse yolowa kapena yotuluka ndi mbali zake ziwiri. Balansi umaipeza powonkhetsa mizereyo. Ndipo mzere ukalembedwa sufufutidwa.

M'kalasi tinkapatsidwa tebulo la maakaunti lokhala ndi danga la balansi. Munthu akatapa ndalama, UPDATE (lamulo la SQL losintha nambala yomwe ili m'dangalo), kuchotsera, basi. Pa laputopu yako wekha zimayenda bwinobwino. Koma tayerekezani munthu akutumiza K50,000 kuchokera ku akaunti yake ya kubanki kupita ku waleti ya pafoni. Sisitemu yanu yachotsa ndalamazo, yatumiza uthenga kumbali inayo, kenako zii. Nthawi yodikira yatha, yankho palibe. Ndalama zafika kapena ayi? N'kutheka kuti uthengawo sunafike n'komwe. N'kuthekanso kuti unafika, waleti yalandira kale, koma yankho ndi lomwe lasochera pobwerera. Mukathamangira kubweza ndalama, mwina mwamupatsa munthuyo kawiri. Mukatumizanso uthenga, mwina mwalipira kawiri. Ndi UPDATE ija muli ndi nambala imodzi yokha, ndipo nambala imodzi siingathe kunena kuti "zili panjira".

Ledger imatha kunena zimenezo. Mumachotsa K50,000 ku akaunti ya kasitomala n'kuiika mu suspense account, ndipo mbali ziwirizo zikufanana. Ndalamazo sizinasowe, zili ndi malo ake odikirirapo, zikuoneka, zili ndi nambala yake. Mbali inayo ikatsimikiza kuti inalandira, mumalemba mizere ina yozichotsa m'menemo kupita ku akaunti ya settlement, yolembamo zomwe mukuyenera kulipira mbali inayo. Ikanena kuti sinalandire, mumalemba reversal, mizere yatsopano yobweza ndalamazo kwa kasitomala. Simubwerera kukakonza mzere woyamba uja ayi. Amene munasungako buku la banki mkhonde mukudziwa zomwe zimachitika mlembi akangofufuta nambala: gulu lonse limadzuka, ngakhale atakhala kuti amakonzadi cholakwika. Mlembi wanzeru amalemba mzere watsopano pansi, onse akuona.

Izi zitangolowa, zinthu zambiri zomwe ndinkangoloweza zayamba kulumikizana zokha. Mu ISO 8583, ndondomeko ya mauthenga yomwe ma ATM ndi makina a POS amalankhulira, pempho ndi 0200, yankho ndi 0210, ndipo reversal ili ndi uthenga wakewake, 0400 kapena 0420. Tsopano ndikuona chifukwa chake anaipatula: kubweza ndalama ndi chochitika chatsopano, osati kufafaniza chakale. Field 11 ndi field 37 mu uthengawo, STAN ndi RRN, manambala ozindikiritsa transaction, si zokongoletsa. Ndi zomwe zimathandiza mbali inayo kuzindikira kuti pempho ili inaliona kale, isalipirenso, ingobwereza yankho lomwe inapereka poyamba. Idempotency yonse ndi imeneyo. Ndipo reconciliation ya m'mawa, kufananitsa fayilo yanu ndi ya switch (sisitemu yapakati yolumikiza mabanki) mzere ndi mzere, si ntchito yachabechabe yopatsa ongoyamba kumene. Ndi pomwe mabuku awiri a anthu awiri osiyana amagwirizana pa zomwe zinachitikadi dzulo. Kuno kwathu chiyambireni Natswitch, switch ya dziko lonse, mu 2015, khadi ya banki ina imatapa pa ATM ya banki ina, ndipo mabanki amalumikizananso ndi Airtel Money ndi Mpamba. Ndiye kuti pa ndalama imodzi pamakhala mabuku awiri kapena atatu, lililonse ndi mwini wake.

Chomwe chandithandiza si vidiyo, si bukunso lalikulu. Ndi pepala ndi bolopeni. Ndisanatsegule kompyuta ndimajambula ma T-account (akaunti yojambulidwa ngati chilembo T, debit kumanzere, credit kumanja) onse okhudzidwa, kasitomala, suspense, settlement, akaunti ya ma fee, n'kuyendetsa ndalamayo ndi dzanja. Kenako pa muvi uliwonse ndimadzifunsa kuti magetsi atazima pompano, buku lisonyeza chiyani? Ngati pali malo amene mbali ziwirizo sizikufanana, kapangidweko n'kolakwika, code sindiyamba n'komwe. Ine ndikukhulupirira kuti aliyense wofuna ntchito ya mapulogalamu a kubanki azichita zimenezi mwezi wathunthu asanaloledwe kugwira kiyibodi. Ena mudzati ndikuwonjeza, koma sindinaonebe vuto la ndalama lomwe pepala linalephera kulionetsa.

Apa mpamene zimandipweteka. Bwanji sanatiuze zimenezi kusukulu? Accounting inkaphunzitsidwa kwina, database kwina, aphunzitsi awiriwo ngati sadziwana. Wa database ankatiloweza ACID, malamulo anayi a transaction mu database, kuti tikalembe pamayeso, koma sanationetse ngakhale kamodzi kuti transaction yako imathera pamalire a database yako, kuti uthenga ukangotuluka kupita ku sisitemu ya eni ake ROLLBACK, lamulo lobweza zonse mmene zinalili, ilibenso mphamvu. Tinkasunga ndalama mu float, mtundu wa nambala wongoyerekeza madesimo, popanda wotidzudzula, pamene 0.1 kuphatikiza 0.2 mu Python imatulutsa 0.30000000000000004. Ndalama zimafunika DECIMAL, mtundu wosunga madesimo ndendende, kapena kuziwerenga m'matambala ngati nambala yathunthu. Chiganizo chimodzi chokha, mphunzitsi akanatha kuchinena akupukuta bolodi. Ndiye uziphunzire wekha usiku, utaweruka kuntchito wotopa, bandulo ikutha, batire ya laputopu ikulira. Anzathu ambiri amagwa ulesi pamenepa, osati chifukwa cha mutu, koma nthawi.

Maso anga ali pa ntchito ya ukonsalitanti, makamaka yosamutsa data banki kapena SACCO ikamasintha sisitemu. Kumeneko mfundo yomweyi ndi imene imagwira ntchito: sungangokopera mabalansi n'kunena kuti watha. Trial balance (mndandanda wa mabalansi a maakaunti onse) ya sisitemu yakale ndi ya yatsopano ziyenera kufanana mpaka tambala yomaliza, ndipo zomwe zakhalitsa mu suspense zimafuna wozifotokoza.

Pali pomwe ndikadakayikabe. Kuwonkhetsa mizere yonse nthawi iliyonse munthu akafunsa balansi sikungatheke pa akaunti ya zaka khumi, choncho sisitemu zenizeni zimasungabe balansi penapake n'kumaisintha limodzi ndi mizereyo. Ndiye ngati mapempho awiri afika nthawi imodzi pa akaunti imodzi, loko (choletsa pempho lina kukhudza akauntiyo mpaka loyamba lithe) uyike pati kuti usachedwetse aliyense? Pa akaunti ya munthu mmodzi ndikuona njira. Koma pa akaunti ya settlement, yomwe transaction iliyonse ya tsikulo ikuikhudza, pepala langa lija likuyamba kuchepa. Mwina yankho ndi kuigawa m'timaakaunti tingapo, mwina kuilemba mochedwerako pang'ono m'magulumagulu. Zonse ziwiri zikundionekera ngati zikubweza pakhomo lakuseri vuto lomwe ndimati ndathana nalo. Amene munagwirapo core banking yeniyeni, sisitemu yaikulu yosunga maakaunti a banki, kodi mumatani pamenepa?