Wofesa Mbewu wa Van Gogh, Kuchokera mu 1880 Mpaka 1889

Mwezi wathawu ndidaika pambali zowerenga zina zonse n'kuyamba kutsata zojambula za Vincent van Gogh chaka ndi chaka, kuyambira zoyambirira mpaka zomaliza. Funso langa linali limodzi: mizere yokhuthala ija ndi chikasu chothobwa m'maso chija adazitenga kuti? Ambirife timamudziwira pa nyenyezi zozungulira ndi nkhani yoti adadzidula khutu basi, ngati kuti munthuyu adabadwa burashi ili m'manja.

Adabadwira ku Zundert, m'dziko la Netherlands, mu 1853, ndipo anali mwana wa m'busa. Adagulitsapo zojambula za anthu ena ku kampani ya Goupil, adaphunzitsapo ana ku England, kenako adakalalikira kwa okumba malasha ku Borinage, m'dziko la Belgium. Zonsezi sizidamuyendere. Kujambula adakuyamba mwakhama mu 1880, ali ndi zaka 27, ndipo adamwalira mu 1890. Ntchito yonse imene timaidabwa leroyi ndi ya zaka khumi zokha.

Chomwe chidandikoka n'chakuti adayamba ndi kukopera. Ankakopera masamba ophunzirira kujambula a Charles Bargue, wojambula wa ku France, mobwerezabwereza, komanso chithunzi cha wofesa mbewu chimene Jean-François Millet, wa ku France komweko, adajambula mu 1850. Ndidaganiza zomutsata wofesayu, chifukwa Vincent sadamutaye konse, ndipo mwana wa m'busa sakanalephera kumva fanizo la pa Mateyu 13 pomuona. Wofesa woyambirira amene Vincent adakopera ndi wouma thupi. Mkono watambasuka ndithu koma sukuponya kanthu, miyendo yachita ngati yabzalidwa m'nthaka. Ndidamuyang'ana nthawi yaitali, mtima wanga nuzizira, poti anthu amene ndimajambula ine m'kope langa amaumanso chimodzimodzi.

Ali ku Nuenen, kwawo ku Netherlands, mu 1885 adajambula alimi asanu akudya mbatatesi pansi pa nyali. Utoto wake ndi wa dothi, nkhope ndi zala n'zokhakhala, ndipo iye adachita dala kuti tione manja amene adalima chakudyacho. Mnzake Anthon van Rappard adachidzudzula kwambiri mpaka ubwenzi wawo udasokonekera. Mng'ono wake Theo, yemwe ankamutumizira ndalama mwezi ndi mwezi, ankamuuza kuti zojambula zake n'zakuda kwambiri poyerekeza ndi zimene zinkachitika ku Paris. Ine ndimachikonda chithunzichi, ndipo ndikuona kuti munthu yemwe Vincent ankafuna kumujambula moyo wake wonse ali kale m'menemo. Chosowa chinali kuwala.

Kuwalako adakakupeza ku Paris, kumene adakhala ndi Theo kuyambira 1886 mpaka kumayambiriro kwa 1888. Apa ndipo ndidachedwa kwambiri, chifukwa kusintha kumaoneka chithunzi ndi chithunzi. Adaona mmene Georges Seurat ndi Paul Signac ankaikira timadontho ta mitundu yosiyana moyandikana kuti diso lisakanize lokha. Adayesa, koma dzanja lake silinali lodekha chotero, choncho timadontho tija tidatalika n'kukhala timizere. Mizere yotchuka ija idayambira pamenepo, pa njira ya wina imene idakana kumukwana. Adasonkhanitsanso zithunzi zosindikiza za ku Japan, zokhala ndi mitundu yosalala ndi mitengo yodutsa pakati pa chithunzi mopanda mantha, ndipo zina za Hiroshige, wojambula wa kumeneko, adazikopera ndi utoto. Ankasunga ulusi wamitundumitundu m'kabokosi, n'kumaupota pamodzi kuti aone mitundu imene imawalitsana: buluu ndi olenji, kufiira ndi kubiriwira, chikasu ndi pepo. Posowa ndalama zolipira anthu oti aziwajambula, ankajambula nkhope yake ya pagalasi. Mukaika nkhopezo pamzere, mumaona mdima ukuchoka pang'onopang'ono ngati kukucha.

Tsono taonani wofesa uja ku Arles, kummwera kwa France, mu June 1888. Kumwamba konse ndi chikasu, dzuwa lili pakatikati, munda ndi wa pepo wosakanikira ndi olenji. Pofika November chaka chomwecho adamujambulanso: dzuwa lakula mpaka lakhala kumbuyo kwa mutu wa mlimiyo monga amajambulira oyera mtima m'matchalitchi, ndipo thunthu la mtengo ladula chithunzi mopingasa, monga ankachitira a ku Japan. Millet alimo, Seurat alimo, Hiroshige alimo, ngakhale mlaliki wa ku Borinage alimo. Komabe palibe amene angachione n'kunena kuti ndi cha wina.

Pali chinthu chimodzi chimene sindigwirizana nacho. Anthu amakonda kunena kuti matenda ake a maganizo ndiwo adamupatsa luso. Matendawo akamugwira ankalephera kugwira ntchito kwa milungu, ndipo makalata ake kwa Theo ndi a munthu wolingalira bwino, wodziwa chifukwa chake waika mtundu uwu pafupi ndi uwo. Kunena kuti lusoli lidachokera ku misala n'kumulanda thukuta lake.

Ali m'chipatala ku Saint-Rémy mu 1889, chaka chimene adajambula usiku wa nyenyezi uja, adabwereranso kwa Millet. Adatenga zithunzi zosindikiza zakuda ndi zoyera, nazijambula ndi mitundu yakeyake, ndipo adauza Theo kuti ntchitoyi inali ngati kumasulira m'chinenero china. Munthu wofika pamenepo, akukoperabe! Ine ndakhala ndikung'amba masamba onse amene ndidakopera kwa ena, poopa kuti angandichedwetse kupeza dzanja langa. Sabata ino ndasiya kung'amba. Ndamujambula wofesa wa Millet katatu ndi makala, ndalemba tsiku pansi pa aliyense, ndipo wachitatuyo mkono wake wayamba kusuntha.