Nsomba zogona m'makande

Tili ana ku Salima, mvula ya mu Disembala ikakhazikika tinkathamangira kuthamanda la kuseri kwa munda wa mpunga, titanyamula chitenje chakale cha amayi, kukakokola tinsomba. Tina tinali totuwa, tina tofiira psuu ngati tapakidwa utoto. Tonse tinkangotitcha timatemba. Koma thamanda lomwelo mu Okutobala linkakhala louma gwaa, makande atang'aluka moti phazi la mwana linkalowa m'mng'alu. Panalibe khwawa lolilumikiza ndi nyanja. Nanga nsombazo zinkachokera kuti? Agogo ankati zimagwa ndi mvula, ndipo ine sindinkatsutsa.

Yankho ndadzalipeza kuno ku Joni. Masana ndimagwira ntchito m'shopu yogulitsa nsomba zoweta m'magalasi, madzulo ndimawerenga za sayansi ya zamoyo, ndipo teremu ino tapatsidwa ntchito yosankha nyama imodzi n'kufotokoza moyo wake ndi banja lake. Bambo wina wachikulire amene amagula zakudya za nsomba kwathu atamva zimenezi anandibweretsera kapepala kapulasitiki kokhala ndi zinyalala zachinyezi zonga khofi wosinja, zimene amati peat. Akuti munali mazira a Nothobranchius rachovii, nsomba ya ku Beira, ndipo anali atakhalamo miyezi ingapo popanda madzi.

Loweruka usiku, kuchipinda kwathu ku Rosettenville, ndinakhuthulira zinyalalazo m'kontena ya ayisikilimu n'kuthiramo madzi. Achimwene amene ndimakhala nawo, a ku Machinga, anaima pambali atapinda manja. "Iwe, ukuthirira dothi kuti mumere nsomba?" Ndinati dikirani, achimwene. Pasanathe maola atatu ndinawalitsa tochi ya foni, ndipo tinaona timaso tiwiritiwiri tonyezimira, tikusuntha pansi ndi timichira tosaoneka bwino. Tinawerenga mpaka 17. Achimwene anakhala pansi osayankhula, kenako anati, "Izi ndinkaziona kwathu ku Chilwa, koma sindinkadziwa."

Zimachitika motere. Nsombazi zimakhala m'mathamanda a nyengo ya dzinja, makamaka a dothi lakuda lija la makande, lomwe limasunga chinyezi mkati ngakhale pamwamba pataumiratu. Yaimuna imakumbatira yaikazi ndi zipsepse zake n'kuikanikizira pansi, dzira n'kulowa m'matope, ndipo zimachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Thamanda likaphwa makolo onse amafa. Otsala ndi mazira okha, aakulu ngati njere ya mpiru, okhala ndi chikamba cholimba. Mwana wa m'dziramo amatha kuimitsa kukula kwake, chimene akatswiri amati diapause, ndipo angaime pa malo atatu: poyambirira penipeni thupi lisanaumbike, pakati msana utaoneka, ndi pomaliza atakwanira zonse, akungodikira madzi. Amenewa ndi amene ndinawaona ine.

Chimene chandigwira mtima kwambiri n'chakuti mazira saswa onse nthawi imodzi. Ena amatsalira dala. Mlimi wa kwathu amadziwa kuti chizimalupsa si mvula yobzalira, ndipo ngakhale pa mvula yeniyeni wanzeru sathira mbewu yonse m'nthaka. Nsombayi imachita chimodzimodzi: madzi oyamba akauma msanga ana oswedwa n'kufa, m'matope mumakhala mutatsala ena odikira mvula ina. Ndinawerenga ndime yofotokoza zimenezi katatu m'takisi yochokera ku Bree, mpaka ndinapitirira potsikira panga.

Zina ndingozitchula mwachidule. Zimakula mofulumira zedi, zimadya mphutsi za udzudzu ndi tizilombo tina ta m'madzi, ndipo zambiri sizipitirira masentimita 5 kapena 6. Mbale wa nsombazi wa ku Gonarezhou ku Zimbabwe, Nothobranchius furzeri, anapezeka kuti kutchire amatha kuyamba kuswana ali ndi masabata awiri okha, ndipo ngakhale umusamale bwanji m'galasi amakalamba m'miyezi yochepa, utoto kuzilala, msana kupindika. N'chifukwa chake ofufuza za ukalamba amamuweta m'malabotale.

Gawo la mayina ndi limene ndinkaliopa, chifukwa ku sekondale tinkangoloweza Chilatini osadziwa ntchito yake. Pano ndaona kuti dzina lililonse lili ndi nkhani kumbuyo kwake. Nsombazi zili m'gulu lalikulu la Cyprinodontiformes, banja la Nothobranchiidae, ndipo dzina la Nothobranchius analipereka ndi Wilhelm Peters mu 1868. Si matemba ayi, matemba ali m'banja lina kutalitali. Ya ku Malawi yoyamba kulembedwa ndi Nothobranchius kirki, ya m'madambo a Chilwa ndi Chiuta, imene Rex Jubb anaifotokoza mu 1969. Kwa zaka zambiri za m'chigawo chapakati, kuphatikizapo za kwathu ku Salima, ankazitenga ngati kirki yemweyo, poti pamaso zimafanana. Mu 2013 Enoch Ng'oma ndi anzake atayerekeza maonekedwe ndi DNA anapeza kuti ndi mtundu wina, n'kuutcha Nothobranchius wattersi, polemekeza Brian Watters amene wayenda m'madambo ambiri a mu Africa kufufuza nsombazi. Ndiye kuti ine ndi achimwene tinkakokola nsomba ziwiri zosiyana, aliyense kwawo. Ndinasangalala kuona dzina lakwathu likutsogolera pa ntchito imeneyo, ndipo sindibisa, linandilimbitsa mtima pa sukulu yanga yausikuyi.

Kusiyanitsaku kuli ndi phindu lenileni. Ngati za ku Salima zikanakhaladi kirki, munthu akanatha kunena kuti madambo a Chilwa akawonongeka mtunduwo utsalabe kwina. Tsopano tikudziwa kuti sizili choncho. Ndipo vuto la nsombayi n'lakuti theka la chaka sioneka. Munthu woumba njerwa kapena wokumba ngalande mu Seputembala amaona dothi louma basi, osadziwa kuti khasu lake likutembenuza mbadwo wonse wa chaka chamawa.

Mwa ana 17 aja atsala 11, ndipo amuna ayamba kuonetsa mizere yabuluu ndi yofiira. Kuzizira kwa Joni sikugwirizana nawo, moti ndawagulira hita yaying'ono. Zinyalala zija ndinazifinya n'kuzibwezera m'pepala, ndidzazithiranso madzi mwezi wamawa kuti ndione otsalira. Lamlungu ndinaimbira amayi pa WhatsApp kuwafunsa za thamanda lathu. Akuti mbali ya kumsewu anthu anaumbapo njerwa, koma ya kumunsi kufupi ndi mtengo wa mkuyu ikadalipo. Ndamupempha mng'ono wanga kuti mvula ikagwa n'kutha masabata atatu apite ndi chitenje, akagwira yofiira aiike m'botolo loyera, aijambule mbali zonse ziwiri, kenako aibwezere m'madzi.