Mlungu umene ndinawerenga foni m'malo mwa buku

Ntchito imene aphunzitsi anatipatsa inaoneka yosavuta: kulemba masamba asanu ofotokoza mmene foni ya m'manja ikusinthira moyo wa achinyamata. Lolemba madzulo ndinakhala pansi ndi kope langa, ndili wokonzeka kudzudzula "ana a masiku ano" ngati kuti ine ndinabadwa kalekale. Patapita mphindi 50, pa tsambalo panali mutu ndi deti basi. Koma ndinali nditayankha anthu atatu, nditaonera timavidiyo tosawerengeka, komanso nditadziwa amene wakwiyitsa mnzake pa gulu lathu la kalasi.

Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo ndi amene anandipatsa njira. Ndinaganiza zoti nthawi iliyonse imene ndagwira foni ndikuwerenga, ndizilemba kamzere m'mphepete mwa kope. Pofika Lachitatu m'mphepetemo munali mutadzaza, timizere titayamba kukwera pa zolemba zanga. Chimene chinandidabwitsa si kuchuluka kwake ayi. N'chakuti nthawi zambiri foniyo sinali italira n'komwe. Dzanja limangopita lokha. Ndikafika pa ndime yovuta, pamene mutu ukufunika kuima n'kulimbana nayo, ndimapezeka kuti foni ili kale m'manja, chala chikutsetsereka pa sikirini. Sindinkathawa buku lonse. Ndinkathawa malo ovuta okha, omwe ndi amene ndinafunika kukhalapo nthawi yaitali.

Nditayamba kufufuza ndinapeza kafukufuku wa mu 2017 wa Adrian Ward wa ku University of Texas ku Austin ndi anzake. Anapatsa ophunzira pafupifupi 800 mafunso ofuna kuika maganizo pamodzi. Ena anauzidwa kuika foni pa desiki itayang'ana pansi, ena m'thumba kapena m'chikwama, ena kuisiya m'chipinda china. Amene anaisiya m'chipinda china anakhoza bwino kuposa amene inali pa desiki, ngakhale kuti foni zonse zinali zosalira. Malinga ndi ofufuzawo, kudziletsa kuti usagwire foni nakonso ndi ntchito, ndipo kumadya mphamvu ya ubongo imene ukanaigwiritsa ntchito pa funso. Ena amene anabwereza kafukufukuyu sanapeze zofanana nthawi zonse, choncho sindimutenga ngati lamulo. Komabe timizere ta m'kope langa tinkagwirizana naye.

Dzanja lopita lokhalo silinangochitika mwangozi. Kale kwambiri, katswiri wa khalidwe B. F. Skinner anaonetsa pa nkhunda kuti mphotho imene imabwera mosadziwika nthawi yake imachititsa nyama kubwereza chinthu mosalekeza, kuposa mphotho yobwera nthawi zonse. Foni ndi chimodzimodzi. Ukaitsegula kakhumi, kasanu ndi kanayi mulibe kalikonse, koma kamodzi kokha upeza uthenga wokusangalatsa, ndipo kamodzi komweko ndi kamene kamakubweza. Ndiye pali kutsetsereka kopanda mapeto kwa pa masamba a mchezo, kumene katswiri wokonza mapulogalamu a kompyuta Aza Raskin anakonza mu 2006 ndipo pambuyo pake iye mwini ananena poyera kuti akumva chisoni nako. Buku lili ndi mapeto a tsamba, pamene umapuma n'kudzifunsa ngati upitirize. Pa TikTok kapena Instagram palibe malo otero. Vidiyo isanathe bwinobwino, ina yayamba kale.

Zonsezi ndikanazilemba ndi mtima wozizira pakanapanda mng'ono wanga. Ali ndi zaka 15 ndipo timagona chipinda chimodzi. Lachinayi usiku ndinadzidzimuka cha m'ma 1 koloko, n'kuona bulangete lake likuwala mkati ngati muli nyali.

"Iwe, sunagonebe?"

Anatulutsa mutu, maso ali psuu. "Achemwali, akukambirana za ine pa gulu. Ndikagona ndidzapeza atamaliza."

Wina anali atamujambula akusinza m'kalasi, pakamwa pali yasa, n'kuika chithunzicho pa gulu. Anzake ankaseka, wina akuwonjezera mawu, wina akuchikongoletsa ndi timakutu ta bulu. Iye sanalembe kanthu. Ankangoyang'ana mauthenga akubwera, kudikira kuti aone amene amuikire kumbuyo. Ndinamulanda foniyo mwaulemu, koma tulo sitinabwere msanga. Ndinkamumva akutembenukatembenuka mpaka kunja kutayamba kuyera. Taonani mmene zinthu zimazungulirira: anasinza m'kalasi chifukwa chosagona, ndipo sanagonenso chifukwa cha chithunzi cha kusinzako.

Akatswiri a za tulo a American Academy of Sleep Medicine amati mwana wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10 pa tsiku. Zolemba zambiri zimene ndinawerenga zimaloza chala kuwala kwa sikirini, kuti kumachedwetsa melatonin, timadzi ta m'thupi timene timauza munthu kuti nthawi yogona yakwana. N'zoona, koma ine ndikuona kuti kuwalako ndi mbali yaing'ono chabe. Chimene chinamuletsa kugona mng'ono wanga si kuwala, ndi anthu. Kale mkangano wa kusukulu unkathera pa geti, mwana n'kupeza mpumulo mpaka mawa. Lero mkanganowo umamutsata mpaka m'bulangete. Ndipo kwa ife ophunzira, tulo si kupuma kokha. Ndi pogona pamene ubongo umasunga bwino zimene waphunzira masana. Ukawerenga maola atatu n'kugona anayi, zambiri mwa zimene wawerengazo zimatayika ngati madzi otungira m'dengu.

Nditafika apa ndinali wokonzeka kulemba kuti foni yawononga m'badwo wonse. Amene anandigwira dzanja ndi Amy Orben ndi Andrew Przybylski, ofufuza amene panthawiyo anali ku University of Oxford. Mu 2019 anasanthula mayankho a achinyamata oposa 350,000 a ku Britain ndi ku America, ndipo anapeza kuti kugwiritsa ntchito zipangizo zamakonozi kumafotokoza zosaposa 0.4 peresenti ya kusiyana kwa mmene achinyamatawo ankamvera mumtima. Ndi kachigawo kochepa zedi. Ndinakwiya nazo pang'ono, chifukwa zinkagwetsa mfundo yanga. Koma nditaganiza mofatsa ndinaona kuti chiwerengero chotere chimasakaniza ana onse m'mphika umodzi: woonera phunziro la masamu masana, wocheza ndi agogo ake akutali, ndi wolira m'bulangete 1 koloko usiku. Onsewa amalembedwa kuti "maola atatu pa foni". Funso lakuti maola angati silitiuza zambiri. Lofunika ndi lakuti nthawi yanji, akuchita chiyani, ndipo akusiya chiyani kuti achite zimenezo.

Kuti ana ena amapwetekeka kwambiri kuposa anzawo, ngakhale eni masamba a mchezo ankadziwa. Mu 2021 Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, anaulula zikalata zosonyeza kuti kafukufuku wa kampaniyo unapeza kuti Instagram, tsamba la kampani yomweyo, imachititsa atsikana ena kuipidwa kwambiri ndi matupi awo. Maboma nawo ayamba kuchitapo kanthu. Dziko la France linaletsa mafoni m'sukulu za ana osapitirira zaka pafupifupi 15 mu 2018, Netherlands inawachotsa m'makalasi a sekondale kuyambira Januwale 2024, ndipo Australia inakhazikitsa lamulo kumapeto kwa 2024 loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa masamba a mchezo. Malamulo a kusukuluwa ndimawamvetsa, koma amalondera masana okha. Palibe mphunzitsi amene amalowa m'chipinda cha mwana pakati pa usiku.

Sindingabise kuti zonse ndalembazi ndinazipeza pa foni yomweyo. Manotsi anga ali mmenemo, mapepala a mayeso akale ali mmenemo, ndipo mutu wina umene sindinaumve m'kalasi ndinaumva nditaonera vidiyo katatu. Vuto lake ndi lomwelo: khomo lolowera ku laibulale ndi lomwenso lolowera kubwalo la macheza. Umatsegula kuti uone tanthauzo la liwu limodzi, ukamabwerako papita theka la ola ndipo liwulo waliiwala.

Ndiye ndinasintha zinthu ziwiri zokha. Powerenga, foni imakhala m'chipinda china, ndipo mawu amene ndikufuna kufufuza ndimawalemba pambali kuti ndikawaone onse pamodzi ndikamaliza. Masiku awiri oyamba ndinkangonyamuka pampando popanda chifukwa, kenako n'kukhalanso. Tsiku lachitatu ndinamaliza mutu wathunthu wa buku osadzuka, chinthu chimene ndinali ndisanachite chaka chonsechi. Chachiwiri, tinapangana ndi mng'ono wanga kuti ikakwana 9 koloko mafoni onse awiri azikatchajidwa pabalaza. Anavomera monyinyirika, atandiuza kuti ndalankhula ngati amayi. Nkhani ya chithunzi chija inazilala yokha patapita masiku, gulu litapeza wina womuseka, zomwe sizinandisangalatse ngakhale pang'ono.

Ntchito ija ndinapereka Lolemba lotsatira, mawu oti "ana a masiku ano" nditawafufuta paliponse. Usiku womwewo ndinanyang'ama kupita pabalaza cha m'ma 11, ati ndikangoona ngati aphunzitsi ayankha. Ndili chiimire mumdima, nkhope ikuwala, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Achemwali, 9 koloko yanu ija ndi imeneyi?"